Buledi wa ku Lebanon ndi wa Adyo: Phikani Nokha, Mcere Mupime Nokha

Ana a masiku ano adziwa zakudya zimene makolo ao sanazilawepo pa ubwana wao. Mwana akapita m'tauni abwerako ndi nkhani ya shawama, nyama ija yokulungidwa m'buledi wopyapyala. Wina aona pa foni buledi wa adyo wokhala ndi chizi conanda pamwamba, ndipo ayamba kubvutitsa amai ake kuti agule. Zakudya zimenezi ndi zokoma ndithu, koma mtengo wake suli wa banja la m'komboni, ndipo wogula sadziwa kuculuka kwa mcere ndi mafuta zimene wophika anaikamo.

Sabata ino pa tsamba lathu la zaumoyo tifuna kuonetsa kuti mitundu iwiri ya buledi imeneyi ingaphikidwe pa nyumba, pa mbaula yeniyeni, popanda uvuni wa magetsi. Phindu lake si kusunga ndalama cabe ai. Phindu lalikulu ndi lakuti supuni ya mcere ikhala m'dzanja lanu.

MCERE WOBISALA

Akulu anati cakudza siciimba ng'oma. Mau amenewa ayenera kwambiri matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri a ife tingoti BP. Munthu akhoza kukhala nao zaka zambiri osamva kuwawa pali ponse, kufikira tsiku limene agwa ndi sitiroko, kapena mtima ndi impso zilephera nchito.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lilangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mcere pa tsiku. Uwu ndi mcere wosadzaza bwino kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa m'kapenta, wa m'buledi ndi wa m'zonse zimene munthu adya kuyambira m'mawa kufikira usiku. Kufufuza kumene kunacitika muno m'Zambia m'caka ca 2017 kunapeza kuti akulu anali kudya magalamu opitirira 9 pa tsiku, ndiye kuti pafupifupi kuwirikiza kawiri muyeso woyenera. Kufufuza komweko kunaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akulu asanu ali ndi BP yokwera.

Mcere wa m'ndiwo tiuona ndi maso pouthira. Wa m'buledi subwera m'maganizo mwathu cifukwa buledi samveka mcere pa lilime. Koma munthu amene adya buledi m'mawa uli wonse, atapaka majarini, wayamba kale kudya gawo la magalamu 5 aja asanatuluke m'nyumba. Nkhani imeneyi ndi yaikulu kotero kuti dziko la South Africa linaika lamulo, limene linayamba kugwira nchito m'caka ca 2016, loikira malire mcere wa m'buledi ndi zakudya zina za m'mafakitale. Pa nyumba panu lamulo lotere mungaliike ndinu.

BULEDI WA KU LEBANON NDI WOTANI?

Lebanon ndi dziko laling'ono la m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, ndipo likulu lake ndi Beirut. Kumeneko buledi ali monga nsima kwa ife. Buledi wao wa tsiku ndi tsiku amuchula kuti khubz. Ndi wozungulira, wopyapyala, ndipo ali ndi thumba m'kati. Anthu amunyema ndi manja ndi kutapira naye ndiwo, monga momwe ife ticitira ndi mbamu ya nsima. Ndi yemweyo amene akulungira shawama.

Zopangira zake ndi zocepa: ufa wa tirigu, madzi, yisiti, mcere pang'ono. Mulibe mazira, mulibe mkaka, mulibe batala. Cinsinsi cake ndi moto waukali. Ufa wokanda ukakhudza citsulo cotentha kwambiri, kunja kuuma msanga, madzi a m'kati asanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ikankha mbali ziwiri za buledi kuti zilekane. Ndico cifukwa atupa ngati mpira ndi kusiya thumba m'kati.

Ku midzi ya ku Lebanon amai aphikira buledi wina wopyapyala koposa pa citsulo cozungulira cochedwa saj, cimene cioneka ngati ciwaya cobvundikira pa moto. Tsono amene ali ndi mbaula ndi ciwaya colemera asadziderere. Ziwiya zake ndi zomwezo.

Pali mtundu wina wochedwa man'oushe, cakudya ca m'mawa cokondedwa m'dziko lonselo. Uyu ndi buledi yemweyo, koma asanamuphike amubaya-baya ndi nsonga za zala ndi kupakapo za'atar wosakaniza ndi mafuta a olive, kapena kuikapo chizi. Za'atar ndi msanganizo wa masamba onunkhira ouma a mtundu wa thyme, nthangala za citowe, ufa wowawasa wa zipatso za sumac ndi mcere. Mu Disembala 2023 bungwe la UNESCO linalemba man'oushe pa mndandanda wa miyambo ya anthu yofunika kuisunga.

Pali cinthu cimodzi cimene ophika a kumeneko acita cimene ife tiyenera kutengerako. Chizi cao coyera cochedwa akkawi cisungidwa m'madzi a mcere wambiri. Asanaciike pa buledi acidula ndi kuciviika m'madzi abwino kwa maola angapo, akusintha madziwo, kuti mcere ucoke. Adziwa kuti mcere wosungira cakudya suyenera kulowa wonse m'mimba.

KAPHIKIDWE KAKE PA MBAULA

Zofunika pa buledi 8:

Fulaulo magalamu 500, ndiye makapu anai
Madzi ofunda mamililita 300, ndiye kapu imodzi ndi pang'ono
Yisiti wouma timasupuni ta tiyi tiwiri
Shuga kasupuni ka tiyi kamodzi
Saladi masupuni akulu awiri
Mcere kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza

Ophika ambiri athira magalamu 10 a mcere pa fulaulo wa muyeso umenewu. Ife tadula pakati. Mukagawa magalamu 5 pa buledi 8, ali yense akhala ndi mcere wopitirira pang'ono theka la galamu. Musaucotseretu wonse, cifukwa mcere uthandiza kuti yisiti asafulumire kwambiri ndiponso kuti ufa wokanda ulimbe. Gwiritsani nchito mcere wokhala ndi iodine, umene uteteza ku cotupa ca pakhosi.

Yambani ndi kusamba m'manja ndi sopo, ndi kutsuka thebulo kapena thireyi yokandirapo. Sungunulani yisiti ndi shuga m'madzi ofunda. Madziwo akhale ofunda monga osambitsira khanda, cifukwa otentha kwambiri apha yisiti. Dikirani mphindi 10 kufikira muone thobvu pamwamba. Ngati thobvu silioneka, yisitiyo ndi wakufa, ndipo musaononge naye fulaulo wanu.

Sakanizani fulaulo ndi mcere m'beseni, thiranimo madzi a yisiti ndi saladi, ndipo kandani kwa mphindi 10. Apa ndi pamene ambiri acita ulesi. Ufa wokandidwa bwino ukhala wosalala, wofewa, ndipo mukaudinda ndi cala ubwerera. Bvundikirani ndi nsalu yoyera ndi kuika pamalo ofunda kwa ola limodzi kapena kuposerapo, kufikira utatupa kuwirikiza kawiri. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala utupa msanga. Mu Juni ndi Julaye ucedwa, motero khalani oleza mtima.

Gawani zidutswa 8 ndi kuziumba ngati mipira. Zisiyeni zipume mphindi 10. Kenaka wazani fulaulo pang'ono pa thebulo ndi kuyala mpira uli wonse ndi botolo loyera, kufikira utakula ngati mbale yaing'ono, wosapitirira theka la sentimita kucindikala. Yalani mofanana mbali zonse, ndipo musapinde kapena kung'amba, cifukwa nthunzi ikapeza potulukira buledi satupa.

Ikani ciwaya pa malasha oyaka bwino, copanda mafuta, kufikira citatentha kwambiri. Ikanipo buledi mmodzi. Pakapita theka la mphindi muona matuza. Tembenuzani, dikirani mphindi imodzi, tembenuzaninso. Apa ndi pamene ayamba kutupa. Mungamuthandize pomukanikiza pang'ono m'mphepete ndi nsalu youma yopinda. Akacita mawanga ofiirira mbali zonse ziwiri, mucotseni ndi kumukulunga m'nsalu kuti asaume. Ngati woyamba akana kutupa, nthawi zambiri ciwaya cinali cisanatenthe. Musataye mtima, adyeka ndithu.

Amene ali ndi uvuni autenthetse kufikira pa mapeto ake, pa madigiri 240 kapena 250, thireyi ili m'kati momwemo. Buledi apsa m'mphindi zitatu kufikira zisanu.

Ngati mupeza fulaulo wofiirira, uja wogayidwa pamodzi ndi makoko ake, sakanizani theka ndi theka ndi woyera, ndi kuonjezera madzi pang'ono. Kusiyana kwake kuli monga kwa mgaiwa ndi ufa woyera. Wofiirira ukhalitsa m'mimba ndiponso uthandiza amene abvutika ndi kudzimbidwa.

ZOIKA PAMWAMBA ZA KWATHU KUNO

Za'atar ndi mafuta a olive sizipezeka pa msika uli wonse, ndipo zikapezeka ndi zodula. Mungapange zofanana nazo. Kazingani citowe pang'ono pa ciwaya couma, sakanizani ndi thyme wouma wa m'timapaketi ta zokometsera, thirani saladi supuni imodzi ndi madontho a ndimu m'malo mwa sumac. Pakani pa buledi woyalidwa, muike pa ciwaya, cepetsani moto, ndi kubvundikira ndi cibvundikiro ca poto kuti pamwamba papse. Uyu satembenuzidwa.

Ndimu, adyo, anyezi ndi tsabola ndiwo abwenzi a munthu amene acepetsa mcere. Zipatsa cakudya kukoma kotero kuti lilime silifunsa za mcere. Ndipo lilime lizolowera. Masiku oyamba a m'nyumba adandaula kuti cakudya cazizira, koma pakapita masabata angapo cakudya ca mcere wambiri ndico ciyamba kuwawa.

Onaninso kadyedwe ka anthu a ku Lebanon. Buledi wao samudya yekha ndi tiyi wa shuga wambiri. Pambali pake pakhala tomato, nkhaka, masamba a mint, ndi hummus, ndiye nyemba za chickpeas zophika ndi kuzipota pamodzi ndi citowe cosinja, ndimu ndi adyo. Ife tili ndi kayera, khobwe ndi nzama. Ziphikeni zipse bwino, zipoteni ndi adyo, ndimu ndi cimponde pang'ono, ndipo mwapeza copaka comanga thupi coposa majarini. Ana opita ku sukulu angatenge buledi wa thumba wodzaza ndi nyemba zotere, dzira lowiritsa kapena repu wokazinga.

BULEDI WA ADYO NDI CHIZI

Uyu si wa ku Lebanon. Anachuka ndi anthu a ku Italy amene anasamukira ku America. Kwao anali kukhuta adyo pa buledi woocha ndi kuthirapo mafuta a olive, koma ku America anayamba kugwiritsa nchito batala, ndipo pambuyo pake chizi cinaonjezedwa.

Tinene cilungamo: buledi ameneyu ndi cakudya ca tsiku la cisangalalo. Batala pafupifupi yense ndi mafuta, magalamu 80 pa magalamu 100 ali onse. Chizi ca cheddar, cimene cipezeka kwambiri m'masitolo, gawo limodzi mwa magawo atatu ndi mafuta, ndipo pa magalamu 100 muli mcere wofika pafupifupi magalamu awiri. Mafuta a m'batala ndi chizi ndi aja amene akweza cholesterol m'magazi ngati munthu awadya kawirikawiri. Tsono fulaulo woyera, batala wa mcere ndi chizi cambiri zikakumana pa mbale imodzi, mtima ndiwo ulipira.

Pophika pa nyumba mungacepetse zonsezi. Pa buledi anai tengani:

Adyo, amene ena ati galiki, timano tinai
Saladi masupuni akulu awiri, kapena supuni imodzi ya saladi ndi imodzi ya batala
Chizi magalamu 80 kufikira 100, copala bwino
Masamba a anyezi kapena parsley odula-dula

Sendani adyo ndi kumusinja, ndipo musiyeni mphindi 10 musanamuike pa moto. Adyo akasinjidwa ndi pamene mupangika allicin, cinthu cimene cimupatsa fungo ndi ukali wake. Akatswiri Chester Cavallito ndi John Bailey ndiwo anacipatula m'caka ca 1944. Moto ukafika msanga uletsa kupangika kwake.

Sakanizani adyo ndi mafuta ndi masamba. Musathiremo mcere, cifukwa chizi cili nao kale. Tengani buledi wa thumba amene mwaphika, mutsegule mbali imodzi, pakani mafuta a adyo m'kati, wazanimo chizi, ndi kumubwezera pa ciwaya pa moto wocepa. Bvundikirani kwa mphindi ziwiri, tembenuzani, dikirani mphindi ziwiri zina. Chizi copala cifalikira ponse, motero cocepa cikwanira. Kadutswa kolingana ndi kabokosi ka machesi ndi kokwanira munthu mmodzi. Adyo asapserere, cifukwa akada awawa.

Ngati chizi cadula, citani monga a ku Lebanon acitira popanga labneh. Thirani yogati wopanda shuga kapena mabisi a m'sitolo m'nsalu yoyera yowiritsa, mangani, ndi kupacika pa malo ozizira kuti madzi akhe. Cotsala m'nsalumo ndi cophatira, coyera, cowawasa pang'ono. Sakanizani ndi adyo wosinja ndi kupaka pa buledi wotentha. Ngati mkaka wacokera kwa oweta ng'ombe, uyambe wawiritsidwa, cifukwa mkaka wosawiritsa ungabweretse TB ya ng'ombe ndi matenda ena.

CENJERANI NDI ADYO WA M'BOTOLO LA MAFUTA

Apa tipempha kuti muwerenge mosamala. Amai ena, pofuna kupeputsa nchito, asinja adyo wambiri, amuika m'botolo, athiramo saladi, ndi kusunga pa shelefu kwa masabata. Ici ndi coopsa.

Adyo akulira m'dothi, ndipo m'dothi mukhala mbeu za kacirombo kochedwa Clostridium botulinum. Kacirombo kameneka sikakula pamene pali mpweya. Koma adyo akamira m'mafuta, mpweya sufikako, ndipo pa malo ofunda kacirombo kadzuka ndi kupanga poizoni yoopsa kwambiri. Coipa cake ndi cakuti mafutawo sasintha fungo kapena maonekedwe.

Izi zinacitikapo. M'caka ca 1985, mumzinda wa Vancouver ku Canada, anthu 36 anadwala atadya cakudya ca m'lesitilanti cokhala ndi adyo wosungidwa m'mafuta. M'caka ca 1989, ku Kingston m'dera la New York, anthu atatu anagonekedwa m'cipatala atadya buledi wa adyo wopakidwa adyo wotere.

Zizindikiro zake nthawi zambiri ziyamba pakati pa maola 12 ndi 36 munthu atadya. Maso aona zinthu ziwiri-ziwiri, zikope zilemera, kumeza ndi kulankhula kubvuta, thupi lifooka kuyambira kumutu kutsika pansi, ndipo pomaliza kupuma kulephereka. Munthu wotere athamangitsidwe ku cipatala nthawi yomweyo, ndipo muwauze a dokotala cimene anadya.

Alangizi a zakudya ati adyo wa m'mafuta asungidwe m'firiji ndipo athe m'masiku ocepa. Koma pamene magetsi azima maola ambiri, firiji si yodalirika. Njira yabwino ndi imodzi: sinjani adyo wokwanira tsiku lomwelo, ndipo wotsala mutaye.

MBAULA IKHALE PANJA

M'miyezi yozizira munthu akopeka kulowetsa mbaula m'nyumba ndi kutseka citseko, kuti aphike akuotha moto. Malasha oyaka atulutsa mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Uyamba ndi mutu kuwawa, cizungulire, mseru ndi tulo. Mabanja ataya okondedwa ao usiku umodzi cifukwa ca mpweya umenewu. Phikirani panja kapena pa khonde. Ngati wina wa m'nyumba aonetsa zizindikiro zimenezi, mutulutseni kunja msanga ndi kupita naye ku kiliniki. Ana ang'ono akhale kutali ndi ciwaya, cifukwa copanda mafuta sicioneka kuti catentha.

AMENE AYENERA KUSAMALA KOPOSA

Odwala matenda a shuga adziwe kuti buledi, ngakhale wophika pa nyumba, akweza shuga m'magazi monga momwe nsima icitira. Buledi alowe m'malo mwa nsima kapena mpunga pa cakudya cimeneco, asakhale coonjezera. Mmodzi ndi wokwanira, makamaka wa fulaulo wofiirira, pamodzi ndi ndiwo za masamba zambiri.

A BP asanyengedwe ndi nkhani zomveka m'mabasi ndi pa misika zakuti adyo aciza matenda ao. Adyo ndi cakudya cabwino, ndipo athandiza kuti mcere ucepe m'mphika, koma salowa m'malo mwa mapilisi a ku cipatala. Amene aleka mankhwala cifukwa ca adyo aika moyo wao pa ngozi. Amene akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, ndi amene ali pa ma ARV, afunse anamwino kapena dokotala asanayambe kumwa mapilisi a adyo ogula m'masitolo. Ndiponso adyo wosinja asamangidwe pa khungu la mwana kapena wamkulu, cifukwa aocha ngati moto.

Buledi wa pa nyumba alibe mankhwala osungira, motero phikani wokwanira tsiku limodzi kapena awiri. Musungeni m'nsalu youma kapena m'cotengera cotseka, kutali ndi nchenche. Akauma, muwazeni madzi pang'ono ndi kumutenthetsa pa ciwaya. Akacita nkhungu, ngakhale pa mbali imodzi, mutayeni yense.

Inu amai ndi atate, yesani Loweruka likubwerali. Itanani ana ayale okha mipira yao ndi kuona buledi akutupa pa ciwaya. Pamene mufika pa mcere, aonetseni kasupuni kosadzaza ndi kuwauza cifukwa cake. Ndipo tsiku limene mudzapita kukagula fulaulo ndi yisiti, patukirani pa kiliniki mukapimitse BP yanu. Sizitenga mphindi zisanu.